Mapu Ochokera Mumlengalenga

Munthu akakwera pamwamba pa phiri la Ndirande m'maŵa, kunja kutayera bwino, amaona mzinda wa Blantyre uli poyera pansi pake. Madenga a malata amanyezimira ngati mamba a chambo. Misewu imaoneka ngati zingwe zoponyedwa pansi, ndipo mitsinje imaoneka ikukhotakhota m'makwaŵa. Ali pamenepo munthuyo amatha kuloza msika, sukulu, tchalitchi, mzikiti ndi chipatala popanda kufunsa wina aliyense.

Koma munthu yemweyo akatsika phirilo ndi kuloŵa m'tinjira ta ku Goliyo kapena ku Makata, zonse zija zimabisika. Kutsogolo kwake amaona khoma la nyumba, kumanja mpanda, kumanzere ngalande. Ngati ali mlendo sachedwa kusokera. Nyumba imene amaiona bwinobwino ali paphiri angathe kuifunafuna tsiku lonse osaipeza.

Ichi ndicho chifukwa chake anthu amajambula mapu. Mapu ndi chithunzi cha malo monga mmene amaonekera kwa mphamba amene akuuluka m'mwamba. Amaonetsa pamene pali chinthu chilichonse ndiponso kutalikirana kwa zinthuzo. Masiku ano mapu ena amapangidwa kuchokera ku zithunzi zojambulidwa ndi kandege kakang'ono kotchedwa droni.

Mzinda wokula msanga

Mzinda wa Blantyre unayamba m'chaka cha 1876 pamene amishoni ochokera ku Scotland anamanga misasa yawo pamalopo. Anautcha Blantyre pokumbukira mudzi wa kwawo umene David Livingstone anabadwirako. Poyamba panali nyumba zoŵerengeka chabe. Koma pa kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mumzindawu munali anthu oposa 800,000.

Ambiri mwa anthu ameneŵa amakhala m'madera ozungulira mzinda. Ndirande ali m'tsinde mwa phiri la Ndirande, ndipo Machinjiri ali kuseri kwa phiri lomwelo. Chilomoni ali pafupi ndi phiri la Michiru. Bangwe ali kupitirira Limbe, pansi pa phiri la Bangwe. Zingwangwa ndi Chilobwe ali pafupi ndi phiri la Soche. M'madera ameneŵa nyumba zatsopano zimamangidwa mwezi uliwonse. Pamene chaka chatha panali munda wa chimanga, chaka chino pamapezeka nyumba zitatu ndi golosale. Motero mapu amene anajambulidwa zaka khumi zapitazo sanenanso zoona zokhazokha.

Mapu okalamba amasokeretsa anthu ogwira ntchito zothandiza mzinda. Oika mipope ya madzi amafuna kudziŵa kuchuluka kwa nyumba. Woyendetsa ambulansi kapena galimoto lozimitsa moto amafuna kudziŵa njira imene galimoto lingathe kudutsa. Azaumoyo amafuna kudziŵa pamene pali zitsime ndi zimbudzi. Onseŵa amafuna mapu atsopano, oonetsa ngakhale tinthu ting'onoting'ono.

Mmene mapu ankapangidwira kale

Kale anthu oyeza malo ankayenda pansi atasenza maunyolo, mitengo yoyezera ndi zipangizo zoonera patali. Ankakwera mapiri ndi kuwoloka mitsinje, akulemba m'mabuku mtunda uliwonse umene ayeza. Ntchitoyi inali yoŵaŵa ndipo inkatenga miyezi yambiri.

M'chaka cha 1858 munthu wina wa ku France wotchedwa Nadar anakwera m'chibaluni chachikulu ndi kujambula chithunzi cha dziko ali mumlengalenga. Kuyambira pamenepo anthu anazindikira kuti chithunzi chimodzi chojambulidwa m'mwamba chimaonetsa zinthu zambiri kuposa zimene woyenda pansi angaone pa sabata yathunthu. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha m'chaka cha 1945, ndege zonyamula makamera zinajambula maiko ambiri a mu Africa, pamodzi ndi dziko la Nyasaland, limene tsopano ndi Malaŵi.

Mapu ambiri amene anachokera ku zithunzi zimenezo ali ndi sikelo ya 1:50,000. Tanthauzo lake ndi lakuti sentimita imodzi papepala imaimira masentimita 50,000 pansi, ndiye kuti mamita 500. Mapu otere ndi abwino poonetsa mapiri, mitsinje ndi misewu ikuluikulu. Koma nyumba yotalika mamita 10 ingakhale kadontho kochepa kuposa nsonga ya pensulo. Kuti nyumba imeneyo ioneke yotalika sentimita imodzi papepala, pamafunika mapu a sikelo ya 1:1,000. Kubwereka ndege yaikulu chaka chilichonse kuti ijambule mapu otere kumafuna ndalama zambiri. Apa ndi pamene droni imathandiza.

Kodi droni n'chiyani?

Droni ndi kandege kouluka kopanda munthu m'kati mwake. Woiyendetsa amaima pansi atagwira kabokosi kokhala ndi tizitsulo toongolera. Madroni ambiri ojambulira zithunzi ali ndi mikono inayi, ndipo kumapeto kwa mkono uliwonse kuli phiko lozungulira mwaliŵiro. Mapikowo akamazungulira amalira ngati njuchi zambiri. Madroni ena ali ndi mapiko otambasuka ngati a ndege wamba, ndipo amenewo amapita kutali.

Droni yojambulira zithunzi kaŵirikaŵiri siyendera petulo. Imayendera batire, limene kaŵirikaŵiri limatha pakapita mphindi 20 kapena 30. Kunsi kwa droni kuli kamera imene ingathe kuyang'ana pansi molunjika. M'kati mwake muli kachipangizo kotchedwa GPS. Kachipangizoka kamalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti amene amazungulira dziko lapansi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kuchokera pansi. Kakamva masetilaiti anayi kapena oposerapo, kamadziŵa malo enieni amene droniyo ili.

Dziko la Malaŵi linayamba msanga kuyesa madroni pa ntchito zothandiza anthu. M'chaka cha 2016 boma ndi bungwe la UNICEF anayesa ku Lilongwe ngati droni ingathe kunyamula magazi a makanda opita kukayezedwa kuchipatala chachikulu. M'mwezi wa Juni 2017 anatsegula malo oyeserapo madroni pa bwalo la ndege la Kasungu. Malowo anali oyamba a mtundu wotere mu Africa, ndipo madroni ankaloledwa kuuluka mpaka makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalopo. M'chaka cha 2018 akatswiri a zaumoyo anajambula maiŵe a ku Kasungu pofuna kupeza malo amene udzudzu umaswanirana. M'chaka cha 2019, madzi atasefukira ku Nsanje, madroni anajambula midzi imene magalimoto sakanatha kufikako.

M'mwezi wa Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yotchedwa African Drone and Data Academy. Inakhazikitsidwa ndi UNICEF mothandizana ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America ndi yunivesite ya MUST ya ku Thyolo. Anyamata ndi atsikana a m'Malaŵi ndi a m'maiko ena a mu Africa anaphunzira kumeneko kupanga madroni, kuwaulutsa, ndi kusandutsa zithunzi kuti zikhale mapu.

Kukonzekera ulendo

Pali mwambi wakuti safunsa anadya phula. Asanaulutse droni, ojambula mapu amayamba apempha chilolezo kwa akuluakulu oyang'anira za ndege. Droni siloledwa kuuluka pafupi ndi bwalo la ndege, monga la Chileka, chifukwa ingathe kuwombana ndi ndege yonyamula anthu. Kaŵirikaŵiri saikweza kupitirira mamita 120.

Akatero amakaonekera kwa mafumu ndi atsogoleri a deralo. Amafotokoza chimene abwerera, tsiku limene adzaulutse droni, ndi ntchito imene zithunzizo zidzagwire. Ichi n'chofunika kwambiri. Anthu akaona chinthu chachilendo chikuzungulira pamwamba pa nyumba zawo popanda wowauza, amachita mantha, ndipo mphekesera sizichedwa kufala.

Kenaka ojambulawo amayala zizindikiro pansi. Zizindikirozi ndi nsalu kapena matabwa opakidwa utoto woyera ndi wakuda, oti aoneke bwino kuchokera m'mwamba. Amaziika pa malo oyera monga pa bwalo la mpira, pa mphambano, kapena pa bwalo la sukulu. Malo a chizindikiro chilichonse amayezedwa mosamala ndi GPS yamphamvu ya oyeza malo. Ana amapemphedwa kuti asasunthe zizindikirozo, pakuti chimodzi chikasuntha mapu onse angathe kupotoka.

Pomaliza woulutsa amalemba pa foni kapena pa kompyuta malire a dera lofunika kujambulidwa. Makinawo amakonza njira imene droni idzatsate. Njirayo imakhala mizere yoongoka yoyandikana, yonga mizere ya m'munda.

Droni ili m'mwamba

Nthaŵi yabwino yojambulira ndi pamene dzuŵa latsala pang'ono kufika pamutu, chifukwa mithunzi ya nyumba ndi mitengo imakhala yaifupi. Mvula, mphepo yamkuntho ndi nkhungu zimalepheretsa ntchitoyi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikaphimba mapiri a Blantyre, ojambula amadikira kuti kunja kuyere.

Droni ikanyamuka imakwera mpaka mamita pafupifupi 100. Imatsata mzere woyamba mpaka kumapeto, imatembenuka, ndi kubwerera mu mzere wachiŵiri, monga mmene mlimi amachitira popalira. Ikamapita imajambula chithunzi pa timphindi toŵerengeka tilitonse. Pa chithunzi chilichonse GPS imalembapo mobisika malo amene chajambulidwira. Batire likatsala pang'ono kutha, droni imabwerera pamene inanyamukira. Woulutsa amaika batire lina, ndipo droni imakapitiriza pamene inalekezera.

Chinsinsi cha ntchito yonseyi ndi chakuti zithunzizo zimaloŵerana. Chithunzi chikagaŵidwa m'magawo 10, magawo 7 kapena 8 amaonekanso m'chithunzi chotsatira. Motero nyumba imodzi imapezeka m'zithunzi zambiri, ndipo m'chithunzi chilichonse imaoneka kuchokera mbali yosiyana pang'ono. Wosadziŵa angayese kuti uku n'kutaya nthaŵi, koma popanda kuloŵerana kumeneku mapu sangapangike.

Ntchito ya pa kompyuta

Droni ikatera imakhala itasunga zithunzi mazanamazana m'kakhadi kochepa ngati chikhadabo. Zithunzi zimenezi si mapu ayi. Zili ngati zigamba za nsalu zimene telala sanazisoke. Wina ayenera kuzilumikiza, ndipo ntchito imeneyi imagwiridwa ndi pulogalamu ya kompyuta. Pulogalamu ndi malangizo amene anthu analemba ouza kompyuta chochita. Ena mwa mapulogalamu olumikiza zithunzi ndi ogula, monga Pix4D ya ku Switzerland. Ena ndi aulere, monga OpenDroneMap.

Choyamba, wopanga mapu amayang'ana zithunzi zonse ndi kuchotsa zimene sizinatuluke bwino. Zotsalazo amaziloŵetsa mu pulogalamu.

Chachiŵiri, pulogalamu imafunafuna tizinthu tofanana m'zithunzi zoyandikana. Ingathe kuona ngodya ya denga, mwala wa pakhomo, kapena tayala lotsendereza malata. Ikapeza tayala lomwelo m'zithunzi zisanu, imadziŵa kuti zithunzi zisanuzo ndi za malo amodzi. M'chithunzi chimodzi imapeza tizinthu totere zikwizikwi. Ichi ndicho chifukwa chake madzi a m'damu amavuta kujambula: paliponse pamafanana, ndipo kompyuta imasoŵa pogwira.

Chachitatu, pulogalamu imaŵerengera kutalika kwa chinthu chilichonse. Mmene imachitira zimenezi ndi mofanana ndi mmene maso aŵiri a munthu amagwirira ntchito. Munthu akaimika chala patsogolo pa nkhope yake, natsinzina diso lamanja, kenaka natsinzina lamanzere, amaona ngati chalacho chadumpha. Chala chikakhala pafupi ndi nkhope chimadumpha kwambiri. Chikakhala patali chimadumpha pang'ono. Zithunzi ziŵiri zoyandikana zili ngati maso aŵiri. Nsonga ya mtengo ili pafupi ndi droni, choncho imasuntha kwambiri kuchoka pa chithunzi china kufika pa chinzake. Pansi pa khwaŵa ndi patali, choncho pamasuntha pang'ono. Poyeza kusunthaku kompyuta imadziŵa pokwera ndi potsika.

Chachinayi, pulogalamu imaika kadontho pa malo alionse amene yayeza. Timadonthoti timachuluka mpaka mamiliyoni, ndipo tonse pamodzi timapanga chifanizo cha deralo, chonga chimene ana amaumba ndi dothi. Wopanga mapu angathe kuchitembenuza pa kompyuta ndi kuona phiri, nyumba ndi mitengo kuchokera mbali iliyonse.

Chachisanu, wopanga mapu amafunafuna zizindikiro zoyera ndi zakuda zija m'zithunzi. Akapeza chimodzi amauza kompyuta malo ake enieni monga mmene anayezera pansi. Zizindikirozi zili ngati zikhomo zokhomera chikopa poyanika. Zimakoka chifanizo chonse kuti chikhale pamalo pake penipeni pa dziko lapansi.

Chachisanu ndi chimodzi, pulogalamu imawongola zithunzi ndi kuzisoka pamodzi. Kamera imaona bwino chimene chili pansi pake molunjika, koma nyumba za m'mphepete mwa chithunzi zimaoneka ngati zapendekeka. Choncho kompyuta imatenga mbali yabwino ya chithunzi chilichonse, imaiwongola, ndi kuilumikiza ndi inzake mosaonetsa msoko. Potsiriza pamatuluka chithunzi chimodzi chachikulu cha dera lonse, chokhala ndi sikelo imodzi paliponse.

Chithunzi chilichonse cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho tamitundumitundu. Droni yokhala ndi kamera yabwino ikauluka pa mamita 100, kadontho kamodzi kamaimira malo a masentimita pafupifupi 3. Motero pa chithunzi chachikulu chija pamaoneka ngakhale ndowa ya pampopi ndi zovala zoyanikidwa pachingwe.

Ntchito yonseyi ingathe kutenga maola ambiri, mwina usiku wonse. Imafuna kompyuta yamphamvu ndi magetsi osathimathima. Wopanga mapu ayenera kukhala munthu wodekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chithunzi chisanduka mapu

Chithunzi chachikulu chija sichinena dzina la msewu kapena la mtsinje. Sichisiyanitsa sukulu ndi nyumba yosungiramo katundu. Tsono wopanga mapu amachitsegula mu pulogalamu ina, monga QGIS, ndi kuyamba kulemba pamwamba pake. Amazunguliza mzere pa denga lililonse. Amatsata misewu ndi tinjira. Amalemba mitsinje ndi ngalande ndi mtundu wobiriŵira ngati thambo.

Zinthu za mtundu umodzi zimalembedwa pa tsamba lakelake. Pali tsamba la nyumba, la misewu, la mitsinje, la mipope ndi la zimbudzi. Masambaŵa ali ngati mapepala oonekera mkati osanjikizana. Munthu angathe kuchotsa ena ndi kusiya okhawo amene akuwafuna. Akafuna kudziŵa zitsime zimene zili pafupi ndi zimbudzi, amasanjikiza masamba aŵiriwo, ndipo yankho limaoneka pomwepo.

Kuchokera ku chifanizo chija kompyuta imalembanso mizere yosonyeza kukwera kwa malo. Mzere uliwonse umadutsa pa malo okwera mofanana. Pamene mizereyo yathithikana ndiye kuti ndi potsetsereka kwambiri. Pamene yatalikirana ndiye kuti ndi pathyathyathya. Poona mizere imeneyi akatswiri amadziŵa kumene madzi a mvula adzaloŵere.

Ngakhale zili choncho, ntchitoyi simathera pa kompyuta. Droni siona zimene zili pansi pa mtengo wa mango kapena pansi pa denga. Sidziŵa ngati mpopi ukutuluka madzi kapena unauma kalekale. Choncho opanga mapu amabwerera kuderako atanyamula chithunzi chija. Amayenda ndi eni dera, amene amadziŵa dzina la kanjira kalikonse ndi malo amene madzi amadzaza chaka ndi chaka. Mutu umodzi susenza denga. Zonse zikatsimikizika, pa mapu amaikapo mutu wake, sikelo, muvi woloza kumpoto, tsiku limene anajambula, ndi tanthauzo la zizindikiro. Mapu ena amasindikizidwa papepala. Ena amaikidwa pa intaneti, monga pa OpenStreetMap, mapu a dziko lonse amene anayamba m'chaka cha 2004 ndipo amalembedwa ndi anthu ongodzipereka.

Mapu ndi moyo wa anthu

Mtsinje wa Nasolo umadutsa mu Ndirande ndi kukathira mu Mudi. M'mphepete mwake ndi m'tinjira tambiri anthu amataya zinyalala. Zinyalalazo zimatseka ngalande, zimaitana ntchentche ndi makoswe, ndipo mvula ikagwa zimakokolokera mumtsinje. Akatswiri a zaumoyo ndi a za mapu anajambulapo Ndirande ndi droni kuti aŵerenge milu ya zinyalala. Ena a iwo anayenda pansi ndi GPS kuti ayerekeze zimene apeza ndi zimene droni inaona. Mapu otere amaonetsa pamene pali mulu uliwonse ndi kukula kwake. Akajambulanso patapita miyezi, amadziŵa ngati miluyo ikuchepa kapena ikukula.

Ukhondo wa madzi si nkhani yamaseŵera. Matenda a kolera amene anabuka m'Malaŵi m'mwezi wa Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700. M'mwezi wa Januwale 2023 sukulu za mu mzinda wa Blantyre ndi wa Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendaŵa. Kolera imafala kudzera m'madzi ndi zakudya zoipitsidwa ndi chimbudzi. Mapu oonetsa zitsime, zimbudzi ndi ngalande amathandiza azaumoyo kudziŵa koyambira pothira mankhwala m'madzi ndi pophunzitsa anthu.

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy anagwetsa mvula yoopsa kwa masiku angapo m'chigawo cha kummwera. Matope, miyala ikuluikulu ndi mitengo zinatsetsereka kuchokera pa phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ngozi yotere makolo ankaitcha napolo. Inachitikapo ku Zomba m'chaka cha 1946 ndiponso ku Phalombe m'chaka cha 1991. Pa nthaŵi ya Freddy anthu oposa 600 anamwalira m'dziko lonse, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 600,000 anasoŵa pokhala. Mvula itakata, madroni anaulutsidwa kukajambula malo oonongeka, pakuti misewu ndi milatho yambiri inali itaduka.

Zithunzi za m'mwamba zimaonetsa poyera njira imene matope anadutsa. Akuluakulu amati madzi saiŵala khwaŵa. Pamene madzi anadutsa kale adzadutsanso. Mapu abwino amaonetsa nyumba zimene zili m'njira ya madzi, malo otsetsereka amene mitengo inadulidwa, ndi malo okwera amene anthu angathaŵireko. Ndi mapu otere khonsolo ya mzinda, mafumu ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi angathe kukambirana ndi anthu mvula isanayambe.

Udindo wa opanga mapu ndi eni dera

Diso loona zinthu zambiri chotere liyenera kugwiritsidwa ntchito mwaulemu. Si bwino kujambula anthu m'mipanda mwawo kapena m'mabafa opanda denga ndi kufalitsa zithunzizo. Opanga mapu oona mtima amasunga zithunzi mosamala, ndipo ntchito ikatha amabwerera kukaonetsa eni dera mapu awo.

Mapu paokha sangatole zinyalala, sangabzale mitengo pa phiri la Ndirande kapena la Soche, ndipo sangasamutse nyumba imene ili m'khwaŵa. Amangoonetsa zimene zilipo. Ntchito yokonza imatsala m'manja mwa anthu. Banja likamafuna malo omangapo nyumba, ndi bwino kuti lifunse ngati malowo sali m'njira ya madzi. Ana a sukulu nawonso ali ndi mbali yawo: kutaya zinyalala m'dzenje, kusamala mitengo, ndi kuphunzira masamu ndi jogalafe mwakhama. Anyamata ndi atsikana amene akupanga mapu ndi madroni lero anayamba ndi kujambula mapu a kalasi yawo m'kope, ndi pensulo ndi rula.

Mawu ofunika kuwadziŵa

droni: kandege kouluka kopanda munthu m'kati

sikelo: chiŵerengero chosonyeza mtunda umene sentimita imodzi ya papepala ikuimira

pulogalamu: malangizo ouza kompyuta chochita

kuloŵerana: kuoneka kwa malo amodzi m'zithunzi ziŵiri kapena zambiri

khwaŵa: chigwa chimene mumadutsa madzi

napolo: kutsetsereka kwa madzi, matope ndi miyala kuchokera m'phiri

Mafunso

1. Kodi mapu n'chiyani?
2. Tchulani madera asanu a mu mzinda wa Blantyre ndi mapiri amene ali pafupi nawo.
3. N'chifukwa chiyani mapu a madera ameneŵa sachedwa kukalamba?
4. Kodi ojambula mapu amachita chiyani asanaulutse droni? Tchulani zinthu zitatu.
5. N'chifukwa chiyani zithunzi za droni ziyenera kuloŵerana?
6. Kodi zizindikiro zoyera ndi zakuda zimagwira ntchito yanji?
7. Tchulani zinthu ziŵiri zimene droni singathe kuona.
8. Pa mapu a sikelo ya 1:50,000, msewu wina ndi wotalika masentimita 4. Kodi msewuwo ndi wotalika makilomita angati?

Miyambi

Fotokozani tanthauzo la miyambi iyi, ndipo mupange chiganizo ndi mwambi uliwonse:

1. Madzi saiŵala khwaŵa.
2. Safunsa anadya phula.
3. Kuona maso a nkhono n'kudekha.
4. Mutu umodzi susenza denga.

Ntchito

1. Imikani chala patsogolo pa nkhope yanu. Tsinzinani diso limodzi, kenaka linalo. Chitaninso chimodzimodzi mutatambasula mkono. Lembani zimene mwaona.
2. Jambulani mapu a njira yochokera kunyumba kwanu kufika kusukulu. Onetsani misewu, mitsinje, mipope, ndi malo amene madzi amadzaza mvula ikagwa. Musaiŵale muvi woloza kumpoto.
3. Lembani ndime imodzi pa mutu wakuti "Malo oopsa kumangapo nyumba m'dera la kwathu".